Phala la 11 Koloko

Lolemba, 8 Meyi

Kodi lamulo loti mwana aziyamba wayamwa kenako adye analemba ndani? Ndafunsa funso lomweli kusikelo lero, anamwino angondiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati ndawaponda chala. Akuti mpaka mwana akwanitse chaka, bere ndiye patsogolo. Phala pambuyo. Totolatola kawiri patsiku, osapitirira. Ndati, "Koma kafukufuku wake alipo?" Azimayi onse pabenchi kuseka. Wina kumbuyo wati, "Abambo, kafukufuku ndi ifeyo, tabereka anayianayi."

Mwamuna ndinalipo ndekha pamzere wonse. Ndazolowera.

Abwana akwanitsa miyezi khumi mawa. Makilo 8.4, mzere wa pakhadi ukukwera bwinobwino. Mayi ake akuti ndisiye kumutchula mwana wamkazi kuti Abwana, dzina lingamukanirire. Koma ndani wina wandilemba ntchito chimalizireni digiri? Ofesi imatsegulidwa 5 koloko m'mawa, tchuthi palibe, ndipo ukalakwitsa amakukalipira pamaso pa anthu.

Chimene chikundidya ndi ichi. Mayi ake ali ndi ola limodzi la masana kusitolo ya mankhwala kumene amagwira ntchito. Mphindi 20 kuyenda, 20 kuyamwitsa, 20 kubwerera. Chakudya chake amadyera m'njira. Malo osungira ana amene anatilonjeza mpata ali kutsidya lina la tauni, kosatheka kufikako masana. Ndiye bere la masana likadalipo, ine ndili pakhomo pano, digiri ya zowerengera ndi kafukufuku ikuchita nkhungu m'sutikesi. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu akujambulitsa m'maofesi atavala mataye. Ine makalata 31 ndatumiza, mayankho atatu, onse oyamba ndi "tikupepesa".

Ndajambula tchati kumapeto kwa kope lino. Nthawi, chakudya, mphindi za bere. Way. ndi wayamwa, Wak. ndi wakana. Kuyambira mawa phala la 1 koloko ndilisunthira 11 koloko. Akakhuta, bere la masana lidzatha lokha, popanda kulira, popanda mkangano. Sabata ziwiri zakwana.

Mayi ake sindinamuuze. Munthu amene ukumufufuza sumuuza, zotsatira zimapotoka. Tinaphunzira chaka chachiwiri.

Lachiwiri, 9 Meyi

Tsiku loyamba.

M'mawa ulendo wathu wa masiku onse wokasaka intaneti yaulere pakhonde la laibulale, Abwana kumsana. Atelala atiyimitsa monga mwa nthawi zonse. "A Digiri, nsaluyo mwamanga ngati mtolo wa nkhuni, bwerani kuno." Andimangiranso, mapini ali kukamwa, kenako akadzulira Abwana kanthochi. Mayi a pagolosale atikuwira patali. Ometa akuti tsitsi la mwanayu likuwayembekezera iwo, tisakayese kupita nalo kwina.

11:00 phala la dzira, masipuni 12. Anyambita mpaka sipuni.

12:20 mayi ake watulukira, thukuta kamukamu. Way. mphindi 9. Kale zinkafika 18.

"Lero wafulumira," watero akumanga mabatani. Ndati mwina kwatentha.

Lachitatu, 10 Meyi

Way. mphindi 4. Zotsalazo amaseweretsa batani la yunifolomu.

Zikuyenda. Anamwino aja akanaona tchatichi.

China: Abwana aphunzira chatsopano. Akutambasula dzanja n'kunena "pa!" Ayambira kwa atelala, ndipo msewu wonse wamva. Ometa asiya munthu mutu uli theka kudzaonerera. Aliyense akufuna "pa!" wakewake.

Lachinayi, 11 Meyi

Uthenga pafoni, 9:40. Kampani ina yonyamula katundu ikundifuna pa 22 kukayesedwa mafunso. Ndawerenga kanayi nditaima pakati pa msewu, mpaka wanjinga wandilizira belu n'kundifunsa ngati msewuwo anandisiyira ndi bambo anga. Ndakhala palaibulale mpaka 10:45 kuwerenga za kampaniyo. Abwana amakwera ine ngati mtengo, ndimangowanyengerera.

Masana: Wak.

Koyamba. Mayi ake wakhala pampando wake uja wa pawindo, wayesa kumanja, mwana watembenuza mutu. Wayesa kumanzere, mwana wapinda msana ngati uta n'kutambasulira manja kwa ine. Mayi ake waseka. "Ha, mwandilanda mwana, a Digiri?" Wayesanso akuyimba kanyimbo kawo kaja. Ayi ndithu.

"Ndi mano awa," watero. "Akumuyabwa."

Ndavomera kuti ndi mano.

Wapinda kansalu kawiri, walowetsa m'bulauzi, watenga nkhomaliro yake, wapita. Mphindi 20 zinali zisanathe. Ndamuona pawindo akuyenda pang'onopang'ono, poti panalibe chothamangira.

Patchati ndalemba Wak. ndi kuzunguliza. Masiku atatu okha, osati sabata ziwiri. Ndimayenera kusangalala kuposa apa.

Lachisanu, 12 Meyi

Wak.

"Bambo ake, wadya chiyani m'mawawu?"

"Za masiku onse."

Si bodza. Phala ndi la masiku onse. Nthawi sanandifunse.

Akanditchula kuti bambo ake osati a Digiri ndiye kuti nthabwala zatha. Walowa kuchipinda ndi kapu, chitseko chosatsekeka bwino chija chatsala pang'ono. Amakama mkaka. Ndimamva ukugunda m'kapu, tswii, tswii, kuno Abwana akumenya mbale ndi sipuni, kuseka ngati alandira mphoto. Potuluka waika kapu patebulo. "Mumupatse akafuna." Osandiyang'ana.

Madzulo ndaona kuti wabwera atavala jekete yachimuna. Akuti dzulo mkaka unatulukira payunifolomu akugulitsa mankhwala, kasitomala ndiye anamuuza. Abwana ake enieni a kusitolo ndi amene amubwereka jeketeyo, akuti aisunge sabata yonse. Wafotokoza ngati nkhani yoseketsa. Ine ndimadula anyezi, ndinali ndi poyang'ana.

Loweruka, 13 Meyi

Wak. Madzulo wachapa yunifolomu kawiri. Mafuta ake odzola aja wawaika pamwamba pa kabati, akuti mwina fungo ndi limene likumuthawitsa mwana.

Lamulungu, 14 Meyi

Lero tsiku lonse tili pakhomo atatu. Sitinapite kulaibulale, ndipo phala waphika yekha mayi ake, 1 koloko, mwana atayamwa kale. Way. mphindi 17 masana. Way. 4 koloko. Kuyamwa kochita kugwira ndi manja awiri, phazi lili m'mwamba.

Ine ndimaganiza kuti asangalala. Koma ndikuyanika matewera kuseri ndamumva pafoni ndi achemwali ake, zenera linali lotsegula.

"Ayi achemwali, si mano. Lero wayamwa bwinobwino. Amakana masiku a ntchito okha. Akudziwa kuti ndimamusiya." Kenako, "Wandikwiyira. Kamwana kotere kakudziwa kusunga mangawa."

Achemwaliwo ayenera kuti amamuuza kuti ana amatero, chifukwa amangoti eya, eya, mawu ali m'mphuno.

Ndaima ndi thewera lonyowa m'manja mpaka madzi atsikira m'chigongono.

Iye wachita kafukufuku wake, ndipo sanalakwitse kuwerenga. Masiku a ntchito wakana, Lamulungu wayamwa. Chimene sakuchidziwa ndi chimodzi chokha, ndipo chili m'kope lino.

Ndaganiza. Mawa phala libwerera 1 koloko. Mwana ayamwa, mayi ake aiwala, nkhani yatha. Palibe chifukwa chouzira munthu chinthu chimene wachikonza kale. Za malo osungira ana ndipeza njira ina, mutu ndili nawo.

Lolemba, 15 Meyi

Sindikumvetsa.

7:30 phala la m'mawa, masipuni 8. Kuchokera pamenepo mbale sinatuluke m'kabati. Ndinachita kubisa sipuni kuti asaione. Malinga ndi tchati, pofika 12:20 mimba ya mwanayu inali itakhala maola pafupifupi asanu yopanda kanthu.

Wak.

Wangolawa kamodzi, waseka, watsetsereka pamiyendo ya mayi ake n'kukwawira kunsapato.

Mayi ake sanayesenso mbali inayo. Wamanga mabatani onse mpaka la pakhosi, limene samanga nkomwe. Wakhala pampando paja, manja pamaondo, kuyang'ana mwana akuluma chingwe cha nsapato yanga. Kenako watsegula nkhomaliro yake, wayang'anamo, watsekanso.

"Mawa sindibwera masana."

Ndati tiyesenso kamodzi.

"Ndayesa kanayi, bambo ake. Ndikungotha nsapato. Azidya phala lanulo, akulikonda. Ndizimuyamwitsa m'mawa ndi madzulo, mpaka adzakanenso zimenezo." Wanena mosakweza mawu, ngati akuwerengera kasitomala kamwedwe ka mapiritsi. Atafika pakhomo watembenuka. "Ndiye mwamasuka. Kafunseni malo aja."

Ndi mawu amene ndinajambulira tchati. Ndawalandira m'manja tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Ndabwereza kuwerenga tchati katatu. Palibe cholakwika. Ndiye kapena ndinaswa chinthu chosalumikizika? Kapena mwana akazolowera kukana ndiye wazolowera? Ndinafuna kubwerera kwa anamwino aja, koma ndikakayamba bwanji? Kuti mayi, ndine uja wa kafukufuku?

Lachiwiri, 16 Meyi

Sanabwere.

12:15 Abwana asiya zidole, akwawira kuchitseko, akhala. Palibe amene anawauza nthawi. Munthu akadutsa panja akweza mutu, mapazi akapitirira abwerera kuyang'ana pansi pa chitseko pamene pamalowa kuwala. Akhala choncho mpaka 12:40. Sanalire. Bola akanalira.

Ndiye sanamukwiyire. Amamudikira. Koma akafika samuyamwa. Zinthu ziwirizi zandizunguza mutu mpaka ndaganiza zochapa, poti manja akamagwira ntchito mutu umapuma.

Ndakutumula nsalu yoberekera ija pakhonde. Zimene zagwa! Nyenyeswa za buledi, khoko la nthochi lofota, chidutswa cha bisiketi chonyowa, njere ziwiri za papaya. Nyerere zinafika ndisanawerame nkomwe. Ndapisa m'thumba la shati yanga ya dzulo: pepala la mabisiketi, lopanda kanthu.

Ndakhala pansi pomwepo ndi cholembera kukumbukira ulendo wa dzulo, khomo ndi khomo.

Atelala, popita: nthochi. Kale inali kachidutswa, koma chiyambireni "pa!" ndi theka lathunthu.
Mayi a pagolosale: bisiketi. "Pa!" wachiwiri, bisiketi yachiwiri.
Ometa: papaya wa m'mbale yawo ya kadzutsa.
Mlonda wa palaibulale: buledi, wonyika mu tiyi wake.
Ine, palaibulale, kuti ndiwerenge za kampani mwamtendere: mabisiketi. Angati? Sindikudziwa. Paketi inali yatsopano Lachinayi.
Pobwerera, 11:30, anthu omwewo, dzanja lomwelo.

Zonsezi ndimaziona ndi maso angawa. Zina ndimachita kumuthandiza kugwira. Koma patchati palibe ngakhale chimodzi, chifukwa ine ndimalemba zolowa ndi sipuni basi. Chopanda mbale sindimachiyesa chakudya, ndimachiyesa moni. Zaka zinayi kuphunzira kuwerenga zinthu, n'kulephera kuwerenga nthochi.

Ndapita kwa atelala ndi mwana kumsana kukafunsa ngati dzulo anamupatsa kamodzi kapena kawiri.

"Katatu," atero osaimitsa makina. "Kachitatu inu mumayankha foni."

Ndawafotokozera kuti mwana akukana bere masana. Aimitsa makina.

"Akukana mayi ake? Chiyambire liti?"

"Lachinayi."

"Ndiye inu mwakhala chete masiku onsewa, ife tikumudyetsa ngati nkhumba ya pa ukwati? A Digiri, safunsa anadya phula. Ife timati tikukuthandizani, timaona bambo wosauka ndi mwana kumsana." Kenako aloza Abwana ndi sizasi. "Ndipo iwe, kadyera, wagulitsa mayi ako ndi nthochi?"

Abwana: "Pa!"

Dzanja la atelala linapita lokha kudengu. Alibweza ndi linzake.

Za phala la 11 koloko sindinawauze. Ndawasiya akudziimba mlandu okha, ndipo ndinamva kupepuka pang'ono, kupepuka konyansa. Pobwerera ndinaona kuti nkhani yokamuuza mayi ake yapezeka yabwino kwambiri: ndi anthu a mumsewu, ndi "pa!", palibe wolakwa. Yoona ndithu. Yongosowa chiyambi.

Madzulo wabwera mabere atauma ngati miyala, wayamwitsa ataluma mlomo. Sanafunse kuti masana zinayenda bwanji. Inenso za nthochizo sindinamuuze. Ndinafuna ndione kaye ngati ndapeza zoona, ndisamulonjeze zinthu kawiri.

Miyezi iwiri yokha kuti akwanitse chaka. Ndimathamangira miyezi iwiri.

Lachitatu, 17 Meyi

7:30 phala, masipuni 8. 9:30 theka la nthochi, ndadula ndekha, ndalemba. Basi.

Ndatenga kontena ya chivindikiro. Kukana chakudya chimene munthu akupatsa mwana wako ndi kuyamba udani, ndiye ndati tizilandira, koma zizilowa m'kontena, adye akayamwa. Kulaibulale sitinapite. Mafunso a pa 22 ndawerengera pakhomo, Abwana akung'amba kalendala yakale.

11:50 tanyamuka. Atelala anali atafalitsa kale uthenga, msewu wonse umadziwa. Iwo aika nthochi m'kontena okha n'kutseka mwamphamvu. Mayi a pagolosale anyinyirika. "Kabisiketi kamodzi kangaphe munthu? Taonani akundiyang'ana." Ndati alowetse m'kontena. Alowetsa, koma auza mwana kuti, "Si ine, ndi bambo akowa, adziwa sukulu kwambiri." Ometa angokweza manja onse m'mwamba ngati agwidwa ndi apolisi.

Abwana anena "pa!" kanayi, dzanja labwerera lopanda kanthu kanayi. Kachisanu sananene. Ayamba kulira kumene sindinakumvepo chiyambire, kondikoka kolala ndi kundimenya mutu pamsana. Anthu m'njira kumandiyang'ana ngati ndaba mwana. Mayi wina wandiyimitsa, "Abambo, mwanayo ali ndi njala." Ndati ndikudziwa mayi, zikomo. Anatsala ataima.

Njirayi sindinayendepo masana. Pali chitunda pambuyo pa malo omwetsera mafuta chimene mayi ake sananditchulirepo. Mthunzi palibe. Iye amati mphindi 20. Ine zanditengera 27, ndipo sindimadya ndikuyenda.

Nditalowa m'sitolo anali akupereka mankhwala kwa bambo wina wachikulire, atavala jekete ija. Wamva kulira asanatione. Ndaona mapewa ake akuuma.

"Chachitika n'chiyani? Wagwa?"

"Sanagwe. Ali ndi njala."

Abwana ake a kusitolo atisuzumira, ayang'ana mwana, ayang'ana wotchi. "Lowani kumbuyoko musanandithamangitsire makasitomala."

Kumbuyoko ndi kachipinda ka makatoni, fungo la mankhwala a chifuwa, mpando umodzi wapulasitiki. Wakhala. Wagwira mabatani, ndipo ndaona kuti akuopa. Amamasula pang'onopang'ono ngati munthu amene akudziwa kuti akanidwanso, pamaso pa anzake a kuntchito tsopano.

Mwana sanadikire batani lachitatu.

Kulira kunaduka pakati ngati wazimitsa wailesi. Kunangotsala kumeza, ndi kakubuula kaja ka pamphuno, ndi dzanja lija la "pa!" litagwira kolala ya jekete ya eni ake. Mayi ake anatsamira makatoni, maso otseka. Ine ndinakhala pa katoni ya mabandeji kuyang'ana wotchi, chizolowezi. Nditafika mphindi 12 ndinasiya kuyang'ana.

Ndamutsegulira nkhomaliro yake, ndamuikira pabondo. Wadya ndi dzanja limodzi. Akuti ndi koyamba kudya masana atakhala pansi chibwerereni kuntchito.

"Mawa mubweranso?"

"Mpaka akwanitse chaka. Ndikapeza ntchito tidzakhala pansi, tidzaona."

"Pa 22 nanga?"

"Atelala akuti amubweretsa okha. Akuti ali ndi mlandu woti alipe."

Ndamuonetsa kontena, ndamufotokozera za nthochi, za papaya wa ometa, za buledi wa mlonda. Waseka mpaka mwana wasiya bere kumuyang'ana, kenako wabwererapo. Wapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Ndiye sanandikwiyire."

"Dzulo anakudikirani pachitseko mpaka 12:40."

Waweramira mwana, wamununkhiza pamutu. Kenako, osadzutsa nkhope, wati, "Koma a Digiri, chikundidabwitsa chimodzi. 'Pa!' anayamba Lachitatu. Ine ndinaona kuti wafulumira Lachiwiri."

Sanafunse. Amangodabwa, chala chikusisita khutu la mwana. Ndikanati kunatentha, ndipo akanavomera.

Panali patatsala mphindi 25 kuti abwerere pakauntala. Ndatulutsa kope lino m'chikwama cha matewera, ndatsegula tsamba la tchati, ndaliika pabondo lake pambali pa nkhomaliro. Ndaika chala pamzere wa Lachiwiri, pamene palembedwa 11:00, ndipo ndayamba kumuuza kuchokera pachiyambi.